Amalume Anayesa Ndi Chilangizo

Masiku apitawa wailesi ya mu shopu yanga yosokeramo pa Migowi inalengeza kuti aphungu akukambirana za chinsinsi cha odwala. Akuti bungwe lija limalangiza boma pa za makhalidwe oyenera m'zipatala linapereka kale maganizo ake: dokotala asamaulule matenda a munthu kwa mwamuna wake, mkazi wake kapena abale ake mwini wakeyo asanalole. Mayi wina amene ankadikira kuti ndimupindire siketi ya mwana wake anatsonya. "Amenewo maganizo amawatenga kuti? Si ongokhala m'maofesi n'kumamwa tiyi?" Ine ndinangoponda makina mwamphamvu kuti phokoso lindithandize. Ndikanamuuza kuti ena mwa maganizowo anawatola pa ine ndemwe, mu holo ya tchalitchi kuseri kwa msika uko, koma ndinangopitiriza kupinda siketiyo.

Ine ndimadwala matenda akugwa. Khunyu. Lero ndikulemba liwu limeneli poyera, koma kwathu kumunsi kwa Michesi sitinkalitchula. Tinkangoti "zija". Zija zinandiyamba ndili kamtsikana, tikutsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni. Mwayi tsikulo ndinali ndi amayi okha. Kachiwiri ndinagwera pamoto, ndipo chipsera chake chili pa mkono wakumanzerewu. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti linali phala.

Musatiweruze msanga. Kwathu munthu wakugwa samwerana naye kapu. Akagwa anthu amathawa, ati mpweya wake ungakupatsire. Mwana wa eni sakupatsa kuti ubereke kumbuyo. Nanga za banja? Iwalani. Ndiye amayi anatseka pakamwa, ndipo atamwalira chinsinsicho chinatsala ndi mlongo wawo, amalume, amene anandilera popeza bambo anga anapita ku Mozambiki osabwerera. Amalume ndiwo anandikweza pa njinga kupita nane kuchipatala, ndiwo ankandikumbutsa timapiritsi tanga m'mawa uliwonse mpaka ndinazolowera. Kuchokera pamene ndinayamba mankhwala, kugwa kunaleka. Zaka zinadutsa. Ndinaphunzira utelala, n'kupeza kachipinda pa Migowi. Mankhwala ndinkakatengera kutali, cha ku Chiringa, kumene kunalibe wondidziwa, ndipo anzanga pamsika ndinkawauza kuti ndikukapereka zovala za makasitomala.

Moyang'anizana ndi shopu yanga munali kalipentala. Mnyamata ameneyo buluku lake linkang'ambika pafupipafupi modabwitsa. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Kodi inu mumapala matabwa kapena mumalimbana ndi agalu?" Anaseka mpaka kutsamira chitseko, ndipo m'menemo ndi m'mene zinayambira. Sanali wochenjeretsa. Anatuma amalume ake kukagogoda kwathu, akuluakulu anakambirana, ndipo anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike anthu akakolola nandolo.

Za zija sindinamuuze. Ndinafunsapo adokotala aku Chiringa kuja ngati ndiyenera kunena, iwo anati, "Matendawa ndi anu, mayi. Mudzanena mukadzakonzeka. Ife sitiuza munthu." Ndinatuluka mtima uli m'malo.

Koma amalume! Munthu uja anali mkulu wa mpingo, ndipo bodza linkawakanika ngati mmene ena kumawakanikira kusambira. Ankati akamagulitsa mbuzi, n'kumamuuza wogulayo kuti imatsokomola. Chinkhoswe chitayandikira anayamba kuonda ndi maganizo.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde, "anthu aja akadzandifunsa kuti mwanayu alibe vuto lililonse, ndidzati chiyani?"

"Mudzati alibe. Ndagwa liti ine?"

"Nanga mapiritsi aja?"

"Amalume, mapiritsi amamwa ndani, inu kapena ine? Zisiyeni."

Anapitiriza kusenda, koma ndinaona kuti sanazisiye. Kunama sakanatha, kundiulula sakanathanso. Kwa abusa sakanapita, chifukwa akazi a abusawo pakamwa pawo panali posatseka.

Ndiye Lamulungu lina mlembi wa mpingo, polengeza, anati kukubwera alangizi a za makhalidwe ochokera ku likulu, otumidwa ndi boma, ndipo aliyense wokhala ndi nkhani kapena maganizo apite akakumane nawo pa Migowi. Kaya pa pepalapo analembapo chiyani m'Chingerezi, koma ife tinamva zimenezo: alangizi.

Kwathu liwu limeneli si lamasewera. Pali alangizi a zaulimi, inde, koma amenewo amabwera ndi nkhani za feteleza. Alangizi a makhalidwe ndi aja amakhala ndi mtsikana akatha msinkhu, ndi aja amatsekera mkwati ndi mkwatibwi m'nyumba ukwati usanachitike. Wolangizidwayo amakhala pakati, pamphasa, mutu uli zyoli. M'nyumbamo mungadzaze anthu chotani, zonenedwa m'menemo sizituluka pakhomo. Ngakhale mayi wamiseche wotheratu, za m'chilangizo amafa nazo. Amalume anakula akudziwa zimenezo, ndipo iwo eni analangizapo anyamata ambiri.

Tsikulo anafika pa shopu atavala jekete lawo la ku tchalitchi. "Tseka, tiye ukamve nawo." Ine osadziwa kanthu ndinatseka. Ndinkafuna kuona anthu a ku likulu, komanso kunamveka kuti kukhala zoziziritsa kukhosi. Ndinavala ndi bulauzi yanga yabwino, kalanga ine.

Mu holo munadzaza. Kutsogolo kunali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, ndipo kumbuyo kwake kunakhala alendowo: mayi wina dokotala amene anali wapampando, wansembe, shehe, loya, ndi mnyamata wonyamula chimkuzamawu. Amalume maso awo anali atayamba kuchita chidima, choncho tinakhala pa benchi yakutsogolo.

Mayi wapampandoyo anafotokoza bwino ndithu, sindingamunamizire. Anati iwo si khoti, saweruza munthu. Si aphungu, sapanga malamulo. Ntchito yawo ndi kuyenda m'maboma kumva maganizo a anthu pa nkhani zovuta, kukakhala pansi kukambirana, kenako n'kulangiza nduna ndi nyumba ya malamulo. Aphunguwo akhoza kutenga malangizowo, akhozanso kuwasiya. Nkhani ya tsikulo inali iyi: ngati wachipatala akudziwa matenda a munthu, kodi aloledwe kuuza mwamuna wake, mkazi wake kapena amene akufuna kukwatirana naye, mwini wake asakufuna? Chichewa chake chinali cha m'tauni, chodumphadumpha m'Chingerezi, ndipo ndikhulupirira kuti amalume anangotolapo mawu awiri: kulangiza ndi kukwatirana.

Anthu anayamba kuyankhula. Bambo wina wogula nandolo anati auzidwe basi, munthu asagule katundu ali m'thumba. Namwino wina anati mukatero anthu asiya kubwera kuchipatala, azifera m'nyumba. Ine ndinkamvetsera, koma ndinkati nkhaniyi ndi ya anthu ena. Kenako oyankhula anatha, ndipo mnyamata wa chimkuzamawu uja anati, "Masukani, makolo athu. Maina sitikulemba. Pano ndi panu."

Amalume anakweza dzanja.

Ataimirira anavula chipewa, n'kugwira chimkuzamawucho ndi manja awiri. Iwo akakhudzidwa mtima, Chichewa chawo chinkapendekera ku Chilomwe, mawu n'kumakwera ndi kutsika ngati akuimba.

"Pepani akuluakulu, ndifunse kaye. Inu ndinu alangizi?"

"Inde bambo, ntchito yathu ndi yolangiza," anayankha mayi uja akumwetulira.

"Ndiye kuti pano ndimasuke?"

"Masukani ndithu."

Anatembenukira kwa ine. "Taimirira iwe, akuone."

Abale, ndinaimirira. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti miyendo imeneyi inamvereranji. Koma munthu amene anakulera akati imirira pagulu, umaimirira kaye, kuganiza pambuyo.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake kulibe, mwini mbumba ndine. Mwanayu ndi wabwino, ndi waulemu, ali ndi luso la manja. Koma amadwala matenda akugwa kuyambira ali wamng'ono. Chipsera icho pa mkonopo si phala, anagwera pamoto. Panopa akumwa mankhwala, sakugwanso. Ndiye wapeza banja, mnyamata wabwino, kalipentala wa pamsika pompano."

"Bambo, dikirani kaye," mayi uja anaimirira, dzanja lili m'mwamba. "Bambo!"

Amalume sanamve. Anali atasenza katunduyu nthawi yaitali, ndipo tsopano ankamutula. "Kuchimuna sakudziwa. Ine ndine nkhoswe. Ndikanena, ndapha banja la mwana wanga. Ndikabisa, ndachimwira Mulungu. Ndiye ndabwera naye kwa inu alangizi. Kaya akhale pakati apa, kaya mumutengera kuseri, mutithandize."

Chimkuzamawu chija chinali cholumikizidwa ku zokuzira mawu ziwiri, china chili pawindo kuloza kumsika kuti amene anasowa malo panja azimva nawo. Mayi amene anakhala pafupi nane, kasitomala wanga weniweni amene ndinamusokera diresi la ukwati wa mwana wake, anakoka chitenje chake pang'onopang'ono kuti chisandikhudze. Kenako anasuntha botolo lake la fanta kuliika mbali inayo. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa.

Ndinacheuka kufuna poti ndithawire. Pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, panali amalume ake a kalipentala uja, nkhoswe yakuchimuna, chipewa chili pa bondo. Anabwera mochedwa, ndipo amalume anga ndi maso awo aja sanawaone. Maso athu anakumana, iwo n'kuyang'ana pansi.

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze bwino. Sikunali kulira, misozi sinabwere n'komwe. Ndinangomva ngati zovala zonse zandivuka, bulauzi yabwino ija ndi zonse. Ndipo mumtima ndinkangopemphera chinthu chimodzi: Ambuye, ndisagwe pano. Lero lokha ndisagwe.

Mayi wapampando anauza mnyamata uja kuti azimitse makina ojambulira mawu. Anapempha anthu onse kuti zimene amvazi zithere momwemo. Ha! Pa Migowi? Anthu ena anali atatuluka kale, ati kukataya madzi.

Amalume anali chiimire, akudikira. "Nanga yankho, mayi?"

"Bambo, pepani kwambiri. Sitinamvane. Ife sitilangiza mabanja. Timalangiza boma."

"Boma?" Amalume anayang'ana wansembe uja, n'kuyang'ana shehe, ngati wina awathandiza. "Nanga boma likukwatiwa?"

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Amalumewo sankachita nthabwala, ankafunsa zoona. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene kusekako kunkapitirira, akuyang'ana uku ndi uku, chimkuzamawu chikadali m'manja. Pachilangizo anthu saseka chonchija. M'pamene anayamba kuzindikira pamene anali. Ine manyazi anawirikiza: ena a ine mwini, ena a nkhalamba imeneyi yoima pakati pa anthu ndi jekete la ku tchalitchi, ikusekedwa ndi ana oti ikanawabereka.

Potuluka anati ndikwere pa kaliyala. Ndinakana. Ndinayenda patsogolo, iwo akukankha njinga pambuyo. Titafika pa siteji ya akabaza, anyamata amene masiku onse ankandikuwa kuti "atelala, tikusiyeni kuti?" anangoti chete. Titangodutsa, m'modzi anadzigwetsa pa mchenga n'kumaphupha, anzake akuseka chobisa. Amalume anaima. Anayang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Zatuluka?"

"Mumayesa zikhala m'menemo? Ndi chimkuzamawu chili pawindo? Mwandivula, amalume. Mwandivula pamsika masana dzuwa likuswa mtengo."

"Anati ndimasuke."

"Mwamasukatu! Mtima wanu wapepuka, eti? Muzikagona tulo tsopano, mkulu wa mpingo wosanama."

Njira yonse yopita kumudzi ndinkangomva tcheni cha njinga chikulira kumbuyo kwanga. Titafika anakakhala kuseri kwa khola la mbuzi, jekete osavula, ndipo chakudya anakana.

M'mawa mwake ndinapita kukatsegula shopu. Kusapita kukanakhala kuvomera kuti ndafa. Ndisanayambe n'komwe kusoka, galimoto ya alendo aja inaima patali, ndipo mayi wapampando anabwera yekha wapansi. Anapempha kulowa. Ndinamuloza mpando ndi chibwano.

Anapepesa. Anati cholakwa ndi chawo, liwu lija analisankha okha ku ofesi osafunsa kuti kuno limamveka bwanji. Kenako anati ali ndi pempho. M'bungwe mwawo anthu sanali pamodzi pa nkhani ija: ena ankati wokwatirana naye ali ndi ufulu wodziwa, ena ankati mwini matenda ndiye mwini pakamwa. Ankafuna kukafotokozera anzakewo zimene zinachitika, ndi kuziika m'malangizo opita ku boma, popanda dzina langa, popanda kutchula dera. Koma sakanatero ine ndisanalole.

Ndinaseka, kuseka kowawa. "Dzinalo mukubisira ndani, mayi? A ku likuluwo sandidziwa. Ondidziwa amva kale, ena amvera pawindo."

Anavomera ndi mutu, osadziteteza. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinkafuna woti ndikangane naye.

"Nanga inuyo," anatero, "pa funso lija mukuti bwanji?"

Amayi anga anasankha kubisa osandifunsa. Amalume anasankha kunena osandifunsa. Holo yonse inakambirana za anthu ngati ine, ndili pomwepo pa benchi yakutsogolo. Uyu anali woyamba kundifunsa, ndipo anafunsa zinthu zitatayika kale.

"Wondiulula akhale ine," ndinatero. "Kaya ndichedwa, kaya ndilakwitsa, koma akhale ine. Kalembeni zimenezo. Mulembenso kuti mukamapita kwa eni, mawu anu muziyamba mwawafunsa tanthauzo."

Anathokoza n'kumapita. Galimoto inanyamuka kupita ku boma lina, ine n'kutsala ndi Migowi wanga.

Masiku otsatira makasitomala anachepa. Ena ankatuma ana kudzatenga zovala zawo zisanathe n'kusokedwa komwe. Mayi wogulitsa mandasi amene tinkamwera limodzi tiyi anayamba kubwera ndi kapu yakeyake, ati ya ine ndi yaing'ono. Kutsidya kwa msewu, kalipentala anasamutsira benchi lake lopalira kuseri kwa shopu. Ndinkamva sowo ikulira, mwini wake osaoneka. Kumudzi kunafika uthenga wochokera kuchimuna, waulemu kwambiri: za chinkhoswe zija tidikire kaye, pali zina zoti akuluakulu aone. Amalume anaulandira ataweramitsa mutu. Kunyumba tinkayankhulana za mchere ndi nkhuni basi.

Ndiye tsiku lina chakumadzulo, ndikusesa ulusi kuti nditseke, ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali kalipentala uja, utuchi uli m'tsitsi. Sanalowe. Anaima pakhomo atagwira felemu ya chitseko, imene anakhoma yekha.

"Ndabwera," anatero.

"Ndakuonani."

"Ine ndinamvera kwa akabaza. Ndikupala thabwa, munthu akubwera akuseka, ati akazi ako aja amagwa. Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi hamala, ndimati akunama."

Ndinapitiriza kusesa malo amene ndinali nditasesa kale.

"Matendawo ine sindikuwaopa. Ndafunsa kuchipatala, andiuza kuti sapatsirana, andiuza kuti ana ukhoza kubereka bwinobwino. Amayi ndi amene avuta. Akuti banja la anthu obisa zinthu ndi loopsa, lero abisa ichi, mawa abisa china. Ine ndawauza kuti unkadikira nthawi yabwino, ukanandiuza chinkhoswe chisanafike. Akuti ndidzakufunse ndekha." Anandiyang'ana m'maso. "Ukanandiuza, eti?"

Ndinaimika tsache. Yankho linali lapafupi, liwu limodzi lokha, ndipo iye anali atandiikira kale m'kamwa. Koma ndinadziwa zoona zake. Sindikanamuuza chinkhoswe chisanafike, sindikanamuuza pa ukwati. Ndikanapitiriza ulendo wa ku Chiringa ndi thumba la zovala zabodza mpaka tsiku limene akanandipeza pansi ndikuphupha. Ndipo nditaimitsidwa pakati pa holo chonchija, Migowi yense akudziwa za chipsera changa, ndinalibenso mphamvu yoti ndiyambe kubisa china chatsopano.

Iye anaona kuti ndikuchedwa. Anatsitsa mawu. "Tangonena kuti eya. Ngakhale zisakhale zoona, ine sindifufuza. Ndingofuna ndikawauze amayi kuti wanena wekha."

"Ayi," ndinatero. "Sindikanakuuzani."

Anakhala chiimire pakhomopo, akundiyang'ana ngati mwina ndiwonjezera mawu ena. Sindinawonjezere. Anachotsa dzanja pa felemu, n'kulipukuta pa buluku.

"Chabwino," anatero. "Ndikawauza."

Anawoloka msewu osacheuka. Nandolo anthu anakolola, anagulitsa, ndipo kuchimuna sikunabwerenso munthu.